Yankho la Lachisanu

"Achimwene, awa si mawu anga?" Tisungeni anafunsa, akuonetsa Grain foni pa renki ya matekisi ku Arcadia.

Onse awiri ankaphunzira za kaleredwe ka ana pa intaneti, ndipo malikisi ankachokera pa zokambirana za kalasi. Tisungeni ankayankha funso la aphunzitsi la mlungu uliwonse Lolemba m'mawa, atapanikizika mu tekisi yochokera ku Hammanskraal. Grain ankadikira Lachisanu n'kungokopera yankho la Tisungeni.

"Eish, chemwali, maganizo amafanana," Grain anaseka.

"Mpaka 'pamene ndinkayamwitsa mwana wanga'? Inuyo munayamwitsa liti?" Tisungeni analavula malovu pansi.

Pompo foni inalira. Unali uthenga wa aphunzitsi kwa kalasi yonse: "Tengerani chitsanzo kwa Grain, amayamba waganiza mofatsa asanalembe. Tisungeni, chepetsani phuma."