Timbande ta Lupini M'kanjira

Khasu linali kale m'mwamba pamene Morwenna anagwira mkono wa mwamuna wake.

"Taimani kaye, bambo."

"Ndi udzu uwu, mayi," anatero Denzil. "Mwayamba liti kumvera chisoni udzu?"

Morwenna anagwada m'kanjira ka timiyala, pafupi ndi chitsa cha lupini. Chitsamba cha maluwa achikasucho anabzala ndi malemu mwana wawo Tamsin, ndipo chaka chino chinawauka ndi chisanu mpaka kuuma.

Pakati pa timiyalato panali timasamba tanthete, totambasuka ngati zala za khanda.

"Chinamwaza mbewu chisanafe," anatero Morwenna.

Denzil anatsitsa khasu pang'onopang'ono, n'kulitsamiritsa kukhoma. "Ndikatenge manyowa?"

"Musayerekeze, chimakonda mchenga wokhawokha. Inu ingochotsanipo phazi lanulo."