Mtima Wochedwa wa Mwayiwathu

Mayi Chiye anagwira mkono wa mwana wawo, maso ali pa kawotchi kawo ka unesi.

"Khala phee, iwe."

Mwayiwathu akanakhala phee bwanji? Pakhomo panali kale ndodo zake ziwiri ndi timatabwa ta mateyala, tomwe ankakwera nato chitunda cha Greenwich poyeserera mpikisano wa ski, masewera otsetsereka pa chipale chofewa, poti chipalecho ku London n'chosowa. Lero amasankha atsikana okapikisana ku Norway. Koma chimfine chinali chitangomusiya, ndipo kochi ananenetsa kuti mtima ukagunda kupitirira ka 45 pa mphindi podzuka, thupi silinachire, asabwere.

"Mami, mukuwerenga kapena mukupemphera?"

"Zonse. Tseka pakamwa."

Milomo ya mayi ake inkayenda, kenako inaima. Mwayiwathu anadziwa chifukwa. Mkono womaliza umene mayi anaugwira chonchi m'nyumba muno unali wa adadi, ndipo mtima wawo nawo unkachedwa, mpaka unaleka.

"Fote wani," anatero mayi. "Ku wodi ndikanathamangira dokotala."

"Ndi mtima wa hatchi umenewo, Mami! Ukapopa kamodzi, magazi okwanira anthu awiri."

Anadzuka pabedi akuseka, miyendo ikuyabwa, koma mayi sanamusiye. Anawerenganso mphindi ina yathunthu, yomwe kochi sanapemphe. Kenako anamasula zala, chimodzichimodzi.

"Nyamuka, basi ingakusiye. Ndipo ukauthamangitse mtimawo, ndiumve ndili kuno ku Peckham."