Fatta ya Amayi Awo

Nizar analawanso. Mchere unali bwino, ndimu ikumveka, adyo sanapitirire. Komabe sanakhutire.

Chimwalirireni mkazi wake Hiyam, ana awo awiri, Sidra ndi mng'ono wake Lujain, chakudya ankangochiyang'ana. Masaya anaphwa, timadiresi tinayamba kukhwepa. Ndiye Lachisanu limeneli apongozi ake, Umm Ghassan, anadzakhala m'khitchini momwemo, chikwama chili pamiyendo.

"Akakananso lero ndikupita nawo kwathu ku Homs," anatero mayiwo. "Mwana wanga ndaika m'manda. Zidzukulu ayi."

"Lero adya, mayi."

Chiyembekezo chake chonse chinali pa fatta, chakudya chimene anawo ankachita kulimbirana amayi awo ali moyo. Lachisanu lililonse Nizar ankalawira kukatsuka takisi yake, pobwera n'kupeza mbale yabuluu ikufuka nthunzi patebulo. Madalaivala anzake a mu Damasiko anatopa nako kudzitama kwake, eti dzanja ngati la Hiyam kulibe.

Tsopano ankayala yekha. Pansi buledi wowamba, wonyemanyema. Pamwamba pake tchana wofewa ndi kamsuzi kake. Kenako chambiko chosakaniza ndi tahini, chiponde chija cha chitowe, n'kuwaza timtedza tokazinga. Anali atafunsa azilongo ake, atayesa mafuta awa ndi awo, koma anawo ankangonunkhiza basi. Apongozi nawo analibe thandizo.

"Kwathu Hiyam ankapsereza ndi tiyi yemwe," anatero. "Kuphikako anaphunzirira kuno."

Fatta sidikira munthu, ikakhalitsa buledi amasanduka phala. Nizar anapakulira anawo msangamsanga. Sidra analawa kunsonga kwa supuni, n'kukankha mbale.

"Si ya amama."

Lujain anaona mkulu wake, nayenso anatseka pakamwa. Umm Ghassan ananyamuka n'kuyamba kulonga zovala za ana m'chikwama.

Nizar anagwada pansi. Manyazi anali atamuthera, anangotsala mantha okhaokha.

"Sidra mwanawe, ndithandize. Amama ankapanga bwanji? Ndionetse."

Mwanayo anaimirira. Kenako anakwera pampando, anatenga mbale yabuluu ija ilibe kanthu, n'kupita nayo pakhonde, poti ankakhala pamwamba m'nyumba yosanja. Anaiika m'dengu la chingwe limene amakokera ndiwo zamasamba kuchokera mumsewu, n'kuyamba kutsitsa pang'onopang'ono, lilime lili panja.

Nizar anagwira kukamwa. Mwana wa zaka zinayi, anauzidwa kuti amake ali pansi, ndiye akuwatumizira mbale. Misozi inangotsika, ngakhale apongozi aja anasiya kulonga.

Posakhalitsa chingwe chinagwedezeka. Sidra anakoka, chinamulemera, bambo ake anamuthandiza. Dengu linafika mbale ili yodzaza, ikufuka nthunzi, ndipo Lujain anali ataimirira kale ndi supuni yake. Anawo anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kulimbirana.

Nizar anasuzumira mumsewu. Abu Fawzi, wogulitsa tchana pansi pa nyumbayo, ankapukuta manja osayang'ana n'komwe kumwamba.

"Mulungu awachitire chifundo amayi ako, Sidra," anatero Abu Fawzi. "Eetu. Chikwatiwireni iwo, mbale imeneyo ndimaidzaza ndine. Idyani msanga, bambo ako asanabwere kuchokera kotsuka galimoto."