Mfuko, Wamthenga Wosatchula Dzina

Padangokhala Mfuko, amene ankanyamula mauthenga a nyama zinzake kudzera pansi, osaulula womutuma. Tsiku lina Nkhanga anamutuma kukauza Nguluwe kuti asiye kuba chinangwa cha eni. Nguluwe atafunsa kuti mwini mawuwo ndani, Mfuko anakana kumutchula, ndipo Nguluwe anamupondaponda n'kumugumulira una.

Mfuko anapita kwa Nkhanga akutsimphina. "Mayi, ndavulalira mawu anu. Ndigaireniko mbatata."

"Pepani bambo, anzathu akandiona ndikukupatsani, adziwa kuti ndinakutumani ndine," anatero Nkhanga.

Onse amene ankamutuma anamuyankha chimodzimodzi. Mfuko anausiya umthengawo, nayamba kudya mbatata zawo chapansipansi. Mpaka lero nyamazo zimangong'ung'udza, chifukwa zikusowa wamthenga woti akadzudzule Mfukoyo.