Chakale Chichoke Alendo Asanafike

Switchi ija inazimanso Lolemba m'mawa, alimi ali pamzere panja ndi matumba awo a nandolo. Anastazia Kaliati, mkulu wa kabungwe ka alimi pa Phalombe Boma, anavula nsapato n'kuimenya nayo m'mbali. Timagetsi tinaphethira, makompyuta n'kuyambanso kumvana.

Switchiyo inali chibokosi chachitsulo, msinkhu wa firiji yaing'ono, chokhala ndi mipata ngati madirowa. M'mipatamo munali makhadi obiriwira, ndipo mawaya a makompyuta onse a muofesi ankathera m'makhadimo. Ikazima, kalaliki ankangopinda manja, ogula a ku Blantyre osalandira uthenga, ntchito yonse zii. Koma kunyansa kwake, abale! Dzimbiri paliponse chifukwa cha denga lodontha, chitseko chomanga ndi mphira, fani yake inafa kalekale. Katswiri amene ankaidziwa anapita ku Joni osabwerako.

Pakona panali bokosi lamatabwa lokhomedwa misomali, lochokera kwa mabwana othandiza bungwelo. M'menemo munali switchi yatsopano. Palibe amene analikhudza, poti mphatso ya mabwana satsegula mwachisawawa. Amadikira tsiku lamwambo, mlendo wolemekezeka adule riboni, anthu aombe m'manja, ajambulidwe. Mwambowo unali Lachisanu. Mabwanawo ananeneratu kuti uwu ndi mwayi wotsiriza: nandolo wa chaka chino akapanda kuyenda kudzera pamakompyuta, thandizo lipita kwina, bungwe litsekedwe, alimi abwerere kwa mavenda a masikelo obera.

Malo oikapo switchi m'kachipinda ka makompyuta anali amodzi okha.

"Yakaleyi isachoke kaye," anatero Anastazia. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yatsopanoyo sitinaione n'komwe."

Wilson, wachiwiri wake, anapukusa mutu. "Mayi, mwaiwala za njinga yamoto ija? Mabwanawa anaipeza ikutsokomolabe, yatsopano n'kukaipereka ku boma lina. Anthu awa sathandiza munthu amene akupumabe. Akadzapeza ichi chikuphethira, bokosilo adzalikweza m'galimoto ife tikuona."

Zinali zoona, ndipo n'chifukwa chake zinamuwawa Anastazia. Zaka zonse zimene anagwira ntchito ndi mabwana, Anastazia anaphunzira kuti mlendo umamuonetsa maluwa pakhomo, umphawi m'nyumba. Anaganiza zoibisa switchi yakaleyo mosungira katundu, koma alendo amenewa amasuzumira paliponse, ngakhale kuchimbudzi. Anaganiza zopita nayo kwawo ku Kaduya, koma kumeneko anthu sakanachedwa kunena kuti mayi uja wayamba kututa katundu wa bungwe. Paliponse pamene anaponda panali minga. Ankadya osamva kukoma, ndipo alimi akamupatsa moni ankayang'ana pansi, poti ambiri a iwo anawakopa yekha kuti asiye mavenda.

Lachinayi masana, anthu akupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, Anastazia anazimitsa switchi ija ndi dzanja lake. Anazula mawaya onse. Wilson anaikweza pawilibala, awiriwo ulendo wa kumsika kwa Jonasi, wokhoma mbaula ndi zidebe.

Jonasi anagogoda chitsulocho n'kumwetulira, ati chochindikala chotere sichipezekapezeka. Makhadi aja anawasolola limodzilimodzi, anawatembenuza uku ndi uku, sanawaonere ntchito. Anawaphwanya ndi hamala kuti achotsemo timkuwa, zotsalazo n'kuzikankhira pamoto wa zinyalala. Utsi wake unali wakuda, wonunkha. Anastazia anaimirira chapatali, chisoni chitamugwira ngati wagulitsa mbuzi yoweta yekha. Chinthucho chinamuvutitsa, inde, koma chinamunyamula zaka zambiri. Anadzitonthoza kuti mawa kukacha zonsezi ziiwalika, nabwerera kuofesi kukasesa pamalo paja.

Lachisanu kunadzadza. Amayi ovina anafika atavala zofanana, alimi ena anayenda wapansi kuchokera kuchigwa, matumba a nandolo ataunjikidwa bwinobwino kuti alendo aone khama. Mlendo wolemekezeka anali a Goodman, injiniya wa mabwana aja wochokera ku Blantyre, bambo wansangala wosachedwa kuseka. Analowa m'kachipinda kaja, anaona pamalo poyera posesedwa, anagwedeza mutu. Wilson anatsinzinira Anastazia diso, kusonyeza kuti nzeru yawo yagwira.

Riboni inadulidwa. Misomali inazulidwa, matabwa n'kugwa. Switchi inatulukira ikung'anima, yaitali, yopanda ndi kachipsera komwe. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Anastazia misozi inalengeza m'maso, ndipo koyamba chaka chimenecho anakhulupirira kuti bungwe lake lapulumuka. Anayandikira kuti aikhudze, nasuzumira m'mipata muja. Munali mbee, ankaona mpaka chitsulo chakuseri.

A Goodman anapukuta manja m'kansalu, akumwetulira. "Musadabwe mayi, imabwera chigoba chokhachokha. Makhadi atsopano mabwana anakana kugula, n'chifukwa chake tinasankha mtundu uwu, wolowa makhadi anu akale aja. Tingowasamutsa basi, pofika masana mukhala mukugula nandolo. Yakale ija mwaiika kuti?"