Chipinda Chokhala ndi Khonde

"Kodi anatichotsa m'chipinda cha pansi chija ndani?" anafunsa Mayi Ashworth, ataweramira beseni chifukwa cha mseru.

Bambo Ashworth anangokonza tayi. Iwo ndiwo anasintha chipindacho mobisa, pofuna kuti pa ulendo wa pa sitima ya pamadzi wopita ku New York akazi awo agone pamwamba, m'chipinda chokhala ndi khonde. Sanadziwe kuti pamwamba ndi pamene sitima imagwedezeka kwambiri, ndiponso kuti mayiwo anasankha pansi mwadala.

"Edith, mwina amene anatero anali ndi cholinga chabwino."

"Musawaikire kumbuyo a kampani ya sitimayi, Leonard. Akanatengera inu, bwenzi zili bwino. Chikwatirane, simunachitepo kanthu osandifunsa."

Bambowo ananyamula beseni lija n'kukalitsuka okha, ngakhale wantchito wa m'chipindamo anali ataima pakhomo.