Mng'alu wa Pabalaza

Injiniya anapeza pabalaza patasanduka nkhalango. Mitengo khumi ndi iwiri inali chilili, kuchirikiza denga la konkire. Pakati pa dengalo panadutsa mng'alu wautali, kuyambira pawindo mpaka pakhomo.

Mwininyumba anali kalipentala waluso lake, koma wa nkhutukumve. Mwezi wathawo anagumula khoma lapakati pa balaza ndi khitchini, ati malo akule. Sipanathe masiku atatu, denga ng'aluu! Mkazi wake sanamupatse mpata wopuma.

"Ndinanena ine! Mudzatikwirira amoyo m'nyumba muno."

Mantha atamugwira, bamboyo anachita zonse zimene munthu wanzeru angachite. Anachirikiza denga. Anatulutsa mipando. Analetsa aliyense kuponda pabalaza. Thanki yamadzi imene inkakhala pamwamba pa dengalo anaikhuthula, naisuntha ndi alamu ake kuti dengalo lipepuke. Mayi ake, amene anafa miyendo chaka chatha, ankagona m'chipinda chogundana ndi balaza. Anawabereka kumsana, nakawagoneka m'kachipinda kakumbuyo komwe anawonjezera yekha, kutali ndi ngozi.

Injiniyayo anali mayi wosachulutsa gaga m'diwa. Anakwera makwerero, napala mng'alu uja ndi kachitsulo. Anagogoda apa, nagogoda apo, khutu lili tcheru. Kenaka anapempha pulani ya nyumba, naiyang'ana nthawi yaitali. Mwamuna ndi mkazi anaima pakhomo, mitima ili m'mwamba. Penapake m'nyumbamo munamveka kuti the! Onse awiri anayang'ana kudenga.

"Khoma munagumulalo silinkasenza kanthu, bambo," anatero injiniya pomaliza. "Yang'aluka ndi pulasitala chabe, chifukwa cha kugunda kwa nyundo. Konkireyu ndi wamoyo. Mitengoyi chotsani, mukasonkhere moto."

Eee, mukanamuona kalipentala! Mapewa anakwera nthawi yomweyo.

"Wamva, mayi wa ana? Mwezi wathunthu ukundidya wamoyo. Ine nyumba ndimaidziwa."

Mkaziyo anaseka, misozi ili mbwee. Chisangalalo chinawagwira onse, kupatula injiniya. Iye chala chinali chikadali papulani.

"Denga ili lili ndi mizati inayi ndi zitsulo zonenepa. Analimanga dala kuti lizisenza thanki. Nanga thankiyo ili kuti?"

"Tinaikweza pakachipinda kakumbuyo. Yadzaza m'mawa uno, madzi atabwera."

"Kachipindako papulani pano palibe. Denga lake munaikamo zitsulo zotani?"

"Aaa, kanthu kakang'onong'ono kaja? Ndinangoyala waya wa khola la nkhuku, n'kuthira konkire. Basi."

Injiniya anaponya pulani pansi.

"Mulibe munthu m'menemo, eti?"

Onse atatu anathamangira kumbuyo. Kalipentala anakhotetsa chogwirira, nakankha ndi phewa, koma chitseko chimene anachikhoma ndi manja ake chinakana. Felemu inali itapindika, itachipana kuchokera pamwamba. Kudenga kunamvekanso kuti the!

M'katimo munatuluka mawu ofooka a mayi ake.

"Mwanangu, ndiwe? Tabwera undipukute. Mchengawu ukundigwera m'maso kuyambira m'mawa."